Kuthamanga sikufika, makamaka pa mchenga wa ku Mangochi

Tsiku la Anakubala likangodutsa pa 15 Okutobala, mafoni a anthu a ku Namwera amadzaza ndi tikanema ta mtundu umodzi. Galimoto yaikulu ya 4x4 ili pa gombe, matayala onse anayi akuzungulira mwaukali, mchenga ukuuluka mpaka padenga, injini ikubangula. Koma galimotoyo siikupita kutsogolo, siikubwereranso m'mbuyo. Ikupita pansi. Kwa zaka zambiri mwambi woti kuthamanga sikufika unkaoneka ngati unapuma pa ntchito, poti masiku ano wofulumira ndiye amapeza mafuta pa filling station, ndiye amagula feteleza asanakwere mtengo, ndiyenso amapeza mpando wakutsogolo mu minibasi ya ku Chiponde. Ambiri tinkauona ngati chitonthozo cha anthu ochedwa kudzuka. Koma tikanema timeneti taubwezera mwambiwu ulemu wake wonse, moti sindikudziwa malo ena m'dziko muno pomwe mawu a makolo amakwaniritsidwa ndendende chonchi: muvi wa liwiro ukuloza pa 40, pomwe mwini galimoto akadali pansi pa mthunzi wa mtengo womwe uja.

Dalaivala wa ku Namwera ndiye amagwa msanga mu msamphawu, ndipo chomugwetsa ndi luso lake lomwe. Iyeyu anakulira pamtunda. Anaphunzira chiwongolero pa zitunda ndi makhota a msewu wa M3 wochokera ku Mangochi boma kupita ku malire a Mozambique, komanso m'timisewu ta matope ta ku minda ya fodya nthawi ya dzinja. Kumeneko kuponda moto kumapindula ndithu. Matope ali ndi pothera: tayala likakumba pang'ono limapeza nthaka yolimba pansi, n'kuluma, galimoto n'kutuluka. Ndiye munthu wotere akatsika phiri, n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, n'kulowera cha ku Nkopola kapena ku Makokola, amafika pa mchenga ali ndi chikhulupiriro chonse chakuti vuto lililonse la pansi pa galimoto mankhwala ake ndi phazi lamanja. Tsoka ilo, pansi pa mchenga pali mchenga, ndipo pansi pa umenewo palinso mchenga wina. Tayala lofuna nthaka yolimba pa gombe liifuna mpaka mimba ya galimoto itakhala pansi, matayala ali lendelende m'maenje omwe adzikumbira okha.

Nkhani yake ndi ya kulemera. Land Cruiser imaposa matani awiri isananyamule munthu ngakhale mmodzi, ndipo ikanyamula banja lonse, alamu, mbaula ndi makireti a zakumwa, imayandikira matani atatu. Katundu yenseyu amatsamira pa tizigawo tinayi ta matayala tokhudza pansi. Pa msewu wa phula matayala amapopedwa kufika pa 2.2 kapena 2.5 bar, n'kukhala olimba gwa, ndipo ndi bwino kutero. Pa mchenga wofewa tayala lolimba chonchi limachita zomwe imachita nsapato ya gogoda mayi akapita nayo ku ukwati wa kunyanja: limaboola. Odziwa amaphwetsa matayala kufika cha pa 1.2 bar asanalowe n'komwe mu mchenga. Akatero, gawo lokhudza pansi limatalika, kulemera kumamwazika, ndipo galimoto imayenda pamwamba m'malo molima. Palibe chovuta apa, kamtengo ka machesi n'kokwanira kuigwira ntchitoyi. Chovuta chili mumtima. Kuti bwana aphwetse matayala, ayenera kutsika, kugwada pa tayala loyamba ana a m'mudzi akuonerera, n'kubwerezanso kugwadako katatu. Munthu amene wagula galimoto ya mamiliyoni ambirimbiri sanaigulire kuti azikagwada pagulu. Amasankha kukhala pa mpando wake, kukweza magalasi, n'kupondanso moto.

Wina anena kuti, nanga ndalama zonse zija zinapitiranji ngati galimoto yolembedwa 4WD kumbuyo ikugonja pa mchenga womwe mwana wa zaka zisanu akuthamangapo? Funsoli ndi lomveka, koma yankho lake silikoma. Choyamba, si galimoto iliyonse yokhala ndi zilembozo yomwe inapangidwira kutchire. Zambiri mwa zomwe timaitanitsa ku Japan, zodzera pa doko la Dar es Salaam, zimakoka ndi matayala akutsogolo nthawi zonse, akumbuyo amangothandiza akaona kuti anzawo akuterereka. Zinapangidwira misewu ya chipale chofewa, zilibe magiya amphamvu a low range, ndipo mimba zake zili pafupi ndi nthaka. Chachiwiri, ngakhale Hilux kapena Prado yeniyeni, ngati differential yake siinatsekedwe, imatumiza mphamvu ku tayala lomwe likuzungulira mosavuta, lomwe ndi lija lataya kale pogwira. Ndiye phindu la matayala anayi m'manja mwa munthu waphuma ndi lakuti amakumba maenje anayi pomwe mnzake wa Corolla akanakumba awiri. Mbiri nayo ikuchitira umboni. Ralph Bagnold, Mngelezi yemwe anayendayenda m'chipululu cha pakati pa Egypt ndi Libya cha m'ma 1930, anadutsa mapiri a mchenga ndi timagalimoto ta Ford tokoka ndi matayala awiri okha. Chida chake chachikulu chinali kuchepetsa mpweya m'matayala ndi kunyamula zoyala pansi pa tayala likatitimira. Gulu la asilikali lomwe anayambitsa mu 1940, la Long Range Desert Group, linkayenda m'chipululu momwemo ndi malole a Chevrolet okokanso ndi matayala awiri. Ngati Sahara inawolokedwa chonchi, gombe la ku Nkopola lisatinamize kuti likufuna injini yaikulu kuposa yomwe tili nayo.

Kutsutsa kwamphamvu kumachokera kwa madalaivala odziwadi ntchito, ndipo awa ndiyenera kuwamvera. Iwo amati pa mchenga ukachita ulesi watitimira, galimoto imafuna mphamvu ya liwiro kuti ipitirire, ndipo woyenda monyang'wa sapita patali. Kodi pamenepa mwambi uja sunagwe? Poyamba zimaoneka choncho. Koma makolo sananene kuti khalani pansi, ananena za kuthamanga. Pali kusiyana pakati pa tayala lothamanga ndi galimoto yoyenda, ndipo kusiyanako ndi komwe kuli nkhani yonse. Woyendetsa bwino amalowa mu mchenga atasankhiratu giya, nthawi zambiri yachiwiri kapena yachitatu ya low range, n'kusunga liwiro limodzi osasinthasintha. Saponda buleki mwadzidzidzi, chifukwa buleki imaunjika mulu wa mchenga kutsogolo kwa tayala lililonse, mulu womwe adzayenera kukwera ponyamuka. Amangochotsa phazi, mchenga wokha n'kumuimitsa. Sakhota mwamphamvu, chifukwa tayala lophwetsedwa litha kuvuka pa chitsulo chake. Akamva kuti galimoto yayamba kulemera ndipo matayala ayamba kuzungulira pamodzimodzi, amaima pomwepo n'kubwerera m'mbuyo potsata mapazi ake omwe, poti mchenga wa pamenepo waponderezeka kale. Zonsezi ndi ntchito ya munthu woleza mtima. Ena amaloza mpikisano wa Dakar Rally, womwe kuyambira 2020 ukuchitikira ku Saudi Arabia, n'kumati taonani anzathu akuuluka pa mchenga. Zoona, koma nawonso amaphwetsa matayala, nawonso amatitimira n'kugwira fosholo, ndipo kumbuyo kwawo kumakhala amakaniko, malole a zipangizo ndi ndege za helikopita. Inu kumbuyo kwanu kuli alamu anu atavala suti yoyera.

Tsopano tiwerengere mtengo wa phumali. Mafuta omwe munthu anagonera pa mzere amathera pa malo amodzi, osasuntha ndi mita yomwe. Clutch imayamba kununkha. Kenaka pamabwera anyamata a pa doko, omwe ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kukoka makoka ndi kukankhira mabwato kumtunda, ndipo sayansi yonse ndafotokozayi amaidziwa popanda kuitchula dzina. Sabwera msanga. Amadziwa kuti mtengo wa thandizo umakwera molingana ndi kuya kwa dzenje, choncho injini ikalira kachitatu, iwo amangoyang'anana. Sindikuwadzudzula ngakhale pang'ono. Munthu yemwe anawadutsa osapereka moni, n'kuwathira fumbi, tsopano akuwatchula kuti achimwene. Amafukula mchenga ndi manja ndi nkhafi, amayala matabwa ndi makhwatha a mgwalangwa, amamuuza bwana kuti aphwetse matayala, ndipo bwana uja amagwada kanayi konse, kusiyana kwake n'kwakuti tsopano walipira kuti agwade. Atatuluka, vuto lina limamudikira, chifukwa matayala ophwa sayenera kuthamanga pa phula, amatentha n'kuwonongeka. Ngati sananyamule pampu yamagetsi, ayenera kubwereka ya wakabaza, ndipo aliyense amene anaonapo tayala la Land Cruiser likupopedwa ndi pampu ya njinga dzuwa la Okutobala lili paliwombo sangafunenso phunziro lina.

Koma tikaseka n'kumaliza, pali funso lomwe limatsala: galimotoyo imafuna chiyani pa gombe? Kwa mlendo wochokera kumtunda gombe ndi malo opumulira, koma kwa anthu a ku Chembe, ku Malindi kapena ku Makawa ndi malo a ntchito. M'pomwe amayanika usipa ndi utaka, m'pomwe amasoka maukonde, m'pomwe amayi amachapa ndi kutsuka mbale, ndipo ana amagona mu mchenga momwemo osaoneka kwa munthu wokhala pa mpando wautali. Ukonde umodzi wopondedwa ndi tayala ndi chakudya cha banja lonse. Gombelo lachepanso, poti mu 2024 nyanja inadzaza mpaka kumiza mchenga wa malo ambiri ogona alendo ku Mangochi. Ku South Africa boma linaletsa kuyendetsa magalimoto pa magombe mongosangalala kumapeto kwa 2001, eni magalimoto anadandaula, koma anthu sanasiye kupita kunyanja. Kuno sitikufunikira kudikira lamulo. Ndikudziwa kuti alipo omwe mchenga sangauzembe: oyendetsa ambulansi ndi ogula nsomba pa msewu wa ku Makanjira, womwe wakhala ukulonjezedwa phula kwa zaka zambiri, amakumana ndi mchenga ndi madzi chifukwa njira ina palibe. Amenewo luso limeneli ndi moyo wawo, ndipo simudzawaona akulizaliza injini kuti anthu awajambule. Koma wa pa tchuthi, yemwe cholinga chake ndi kufupikitsa mtunda wa pakati pa galimoto ndi madzi kuti asasenze kireti, alibe chifukwa chomveka.

Ndiye a ku Namwera, mukatsika phiri pa Khirisimasi ikubwerayi, imikani galimoto pomwe pathera nthaka yolimba, vulani nsapato, kwinako muyende wapansi, kireti asenze alamu. Ngati mtima ukukanabe, nyamulani fosholo, pampu ndi chingwe cholimba, funsani eni doko podutsa, ndipo matayalawo muwaphwetse musanalowe mu mchenga.