Masamu a maswiti

A ku MANEB akanandimvera, mayeso a masamu a Sitandade 8 bwenzi akulembetsa ndi maswiti. Mwana amene aphunzitsi anamutaya kalekale kuti mutu wake ndi wouma, amene mukamufunsa 7 kuchulukitsa ndi 8 amayamba wayang'ana kudenga kenako n'kupempha kupita kokataya madzi, mumuikire paketi ya maswiti patsogolo ali ndi anzake asanu. Musanaphethire wakuuzani kale kuti aliyense alandira angati, otsala ndi angati, ndiponso kuti awiri amene akusowa ali m'thumba la malaya anu.

Ndikulankhula monga katswiri. Chaka chino komiti ya makolo ku Sande sukulu kwathu ku Bangwe inandisankha kukhala mkulu wa phwando la ana la Khirisimasi. Pali ena akufalitsa zoti anandisankha chifukwa choti pa msonkhanopo ndinali ndisanafike. Amenewo ndi ansanje, tiwasiye.

Nzeru zake zinachokera kwa mlamu wanga wa ku Manchester. Akuti kumeneko phwando la ana siliyenda mwachisawawa, limakhala ndi mutu, ndipo mutu umene sulephera ndi maswiti. Anayamba kutumiza zithunzi pa WhatsApp: maswiti opindika kumutu a mizere yofiira ndi yoyera, amene ena amati akuimira ndodo ya mbusa, tinyumba ta mabisiketi tofoleredwa ndi shuga, mwambo umene unatchuka ku Germany, timatumba tokongola toti mwana aliyense anyamule popita kwawo. Zithunzi zinabwera mpaka bandulo yanga kutha. Uthenga wa ku Mukuru ndikuudikirabe.

Ndinakaoda katundu ku Limbe. Amene anasiya kugula maswiti kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 asapiteko popanda womugwirira. Nzimbe timalima tokha ku Nchalo ndi ku Dwangwa, koma mukatembenuza paketi ya switi n'kuwerenga tizilembo takumbuyo mupeza Zambia, Kenya, South Africa. Switi wathu ali ndi pasipoti, ndipo mtengo wake umamvera dola. Ndalama zimene msungichuma anandipatsa, atandisainitsa malo awiri, zinakwana mapaketi anayi a maswiti, mabisiketi pang'ono, Kamba Puffs ndi botolo limodzi la Sobo loti tilisungunule mpaka lingotsala ndi mbiri chabe ya lalanje.

Pa timatumba ndi pamene ndinaonetsa kuti ndine nzika yomvera malamulo. Boma linaletsa majumbo opyapyala, osakwana ma micron 60, mu 2015, ndipo Khoti Lalikulu la Apilo linagamula mu 2019 kuti chiletsocho chikhalepo. Ndinafotokoza zonsezi pa komiti mpaka ena kuwomba m'manja. Zoti telala wa pakhonde pa golosale ankapereka tizigamba ta zitenje ulere sindinaone chifukwa chozitchulira.

Mayi a kunyumba anasoka timatumbato usiku, ine ndikuwapatsa malangizo. Thumba lililonse n'losavuta: chigamba chachikulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu kawiri, mupinde pakati, musoke mbali ziwiri, kukamwa mupinde mpendero wolowetsamo kachingwe. Koma tizigamba ta telala sasankha. Telala amasokera aliyense, ndiye m'mulu umodzi munali chitenje cha chigwirizano cha amayi, cha ukwati wa anthu amene sitikuwadziwa, cha bungwe lina lophunzitsa kusamba m'manja, ndi za zipani zonse za dziko lino, zabuluu, zachikasu, zofiira, zobiriwira. Kathumba kena kanatuluka ndi khutu la mtsogoleri wina, kena ndi diso limodzi ndi theka la chisoti. Mayi a kunyumba anandichenjeza kuti, "Bambo a Tadala, izi zidzakubwererani." Ine ndinati ana sadziwa ndale. Ana sadziwadi. Koma ana ali ndi abambo awo, ndipo mpaka lero pali mkulu wina amene amandipatsa moni wa m'mano chifukwa mwana wake anafika kunyumba ndi mtundu wolakwika.

Kanyumba ka mabisiketi ndi kamene kanafuna luso langa lonse. Simenti yake ndi choyera cha dzira chopukusa pamodzi ndi shuga wosalala wa makeke uja. Shuga ameneyo mtengo wake nditaumva, ndinaganiza zosinja wamba mu mtondo. Amasinjika ndithu, kungoti mtondo wathu umakumbukira zonse zimene unasinjapo, ndiye simentiyo inkamveka kansinjiro patali ndi katsabola pafupi. Makoma anaima, denga linakhala, khomo ndinaika la chingamu. Tadala anati ndi kabwino kuposa nyumba imene tikuchita lendi.

Chimene mlamu wanga sanatchule n'chakuti kwawoko Disembala ndi nyengo yozizira, m'nyumba mouma ndi zotenthetsera. Kuno ndi dzinja. Shuga amakoka chinyezi cha mumpweya, bisiketi nayenso amatero, ndiye pofika m'mawa denga linali litakhala pansi pabalaza, makoma atagwadira mkati. Alendi anali atalowa kale. Nyerere zinapanga msewu kuchokera pa zenera, kutsika ndi mwendo wa tebulo, wina wopita wina wobwerera, mwadongosolo loti apolisi a pamsewu akanabwera kudzaphunzira. Vuto la nyumba imeneyi linali nyengo, osati mmisiri.

Zokongoletsa zina zinayenda bwino. Tinadula makatoni mozungulira, kuwapenta mizere yopota, n'kuwazika pa timitengo ta nsungwi kuti aoneke maswiti a kamtengo aakuluakulu. Anaoneka enieni moti kamwana kena kanaluma n'kulira. Kenako panali nkhata ya mapepala a maswiti, onyezimira aja, amene mumawapota pakati n'kuwatunga pa ulusi kuti alendewere pakhomo. Apa pali mfundo imene anthu sakufuna kuimvetsa. Kuti pepala la switi lipezeke lopanda kanthu, payenera kukhala munthu woti achotsemo switiyo. Kuwapatsa ana phwando lisanafike kukanaononga mwambo. Kutaya ndi tchimo. Monga mtsogoleri ndinadzipereka.

Tsiku la phwando mvula inatichitira ulemu, inagwa m'mawa n'kusiya matope okha. Masewero oyamba anali ofufuza switi mu ufa ndi pakamwa, manja ali kumbuyo. Nditapempha ufa woyera, mayi a kunyumba anangondiyang'ana. Ufa wa mu Disembala, chimanga chikukwera mtengo sabata iliyonse, sasewerera. Anandipatsa madeya. Ana anamiza nkhope m'beseni, kutuluka ali mbuu, akuyetsemula, ndipo nkhuku za abusa zitamva fungo zinalowa nawo mpikisano. Tambala anapambana kawiri.

Masewero aakulu ndinawatenga ku Mexico. Kumeneko, pa masiku a 16 mpaka 24 Disembala, amapachika chinthu chodzaza maswiti ndi zipatso, mwana womangidwa nsalu kumaso n'kumachimenya ndi ndodo mpaka chisweke. Kale ankagwiritsa ntchito mphika wadothi wokhala ndi nyanga zisanu ndi ziwiri, zoimira machimo akuluakulu asanu ndi awiri. Abusa atamva za machimozo anavomereza msangamsanga. Mphika ndinatenga wakale wa apongozi, umene ndinkauona kuti watopa. Ndodo inali mpini wa khasu.

Amene anaumba mphika umenewo Mulungu amudalitse, anauwotcha ndi mtima wonse. Ana anamenya, mphika ukungolira n'kumazungulira pa nthambi ya mango. Mnyamata wina wa Sitandade 5, amene ndikukhulupirira kuti ankaona bwinobwino pansi pa mpangowo, anazungulira katatu n'kupeza msongolo wanga. Pamalo opatulika munthu sunena zimene zabwera kukamwa, ndiye ndinangoti aleluya mokweza, amayi a chigwirizano n'kuyankha ameni. Mphika utasweka, maswiti anamwazikana m'matope pamodzi ndi mapale, ndipo ana amene mphindi zapitazo ankaimba za mtendere pansi pano anaonetsa machimo onse asanu ndi awiri nthawi imodzi, ena owonjezera.

Koma zonsezi zinali zoyambirira chabe. Nkhondo inali pa timatumba.

M'kaundula wa Sande sukulu munali ana 40, ndipo timatumba tinali 40. Ku Manchester, akuti, mwana amabwera ku phwando ndi kalata yomuitana, makolo atayankhiratu kuti abwera kapena ayi. Ku Bangwe kalata yoitana ndi sipika. Nyimbo ikangomveka, mwana aliyense amene khutu lake lafikirako waitanidwa, ndipo sabwera yekha. Kumbuyo wabereka mng'ono wake, kudzanja wagwira msuweni amene wabwera kutchuthi kuchokera ku Thyolo. Mukamufunsa amangoti, "Uyu ndi wathu." Ndiye pali amene sanabwere n'komwe koma ali ndi owaimira: "Wina watsala kunyumba akudwala, akuti mumusungire." Nditayesa kutulutsa kaundula, mayi abusa anandigwira pamkono n'kunena chapansipansi kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambiwo ndi wabwino, koma amene anaupeka sanali ndi mapaketi anayi.

Tinamasula timatumba tonse n'kuyamba kugawa mwatsopano. Apa mpamene analowerera mayi wina wa zaumoyo, amene ali nafe mu komiti. Anatikumbutsa kuti bungwe la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga woonjezera asamafike 10 peresenti ya mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku, ndipo kuti n'kwabwino koposa kungolekeza pa magalamu 25, timasupuni ta tiyi pafupifupi 6. Ananenanso kuti maswiti olimba ang'onoang'ono amatsamwitsa tiana tating'ono. Ndiye tiana tonse toberekedwa tinalandidwa maswiti n'kupatsidwa mango. Mango, mu Disembala, titaima pansi pa mtengo wa mango, ena akugwa okha n'kumatimenya m'mutu. Kamwana kena kanayang'ana bango lake, kuyang'ana mtengo, kenako kuyang'ana ine, ngakhale kuti ine sindinayankhulepo chilichonse.

Kugawa kuli mkati, mtsikana wina wa malamba m'mutu anakweza dzanja mwaulemu.

"Ankolo, pa paketi analemba 100. Mapaketi anali anayi. Mu mphika munalowa paketi imodzi. M'madeya munali 20. Apa tawerenga 230."

Ndinamuuza kuti masamu a akuluakulu ali ndi zina zimene adzaphunzire ku sekondale.

"Ndiye 50 ali kuti?"

Onse anatembenukira ku nkhata yonyezimira ija pakhomo, ndipo kamnyamata kena kanayamba kuwerenga mapepala mokweza, anzake akuthandizira. Msungichuma anatulutsa cholembera. Zoti sabata imeneyo ndinkatafunira mbali imodzi chifukwa cha dzino ndi nkhani ina yosagwirizana ndi imeneyi, ndipo ndapempha komiti kuti isaiphatikize mu lipoti.

Mwana aliyense anapita ndi maswiti awiri, bisiketi imodzi ndi Kamba Puffs wodzaza kadzanja. Timatumba, poti sitinakwane, tinapatsa a m'kaundula okha, ndipo ndinawalangiza kuti atisunge bwino chifukwa thumba la nsalu si jumbo, limagwira ntchito kambirimbiri. Mawu amenewa ndinawanena pofuna kuteteza chilengedwe.

M'mawa wa pa 26, ndikutsuka mkamwa ndi madzi a mchere, ndinamva odi pageti. Panali mzere wa ana, aliyense kathumba kake m'manja, kochapa bwino, kopanda kanthu. Wa kutsogolo, mwini khutu la mtsogoleri uja, anandipatsira ndi manja awiri atagwada pang'ono.

"Tabweza mabotolo, ankolo. Akuti mutithirire ena."