Kusaka pogona ku Cape Maclear

Ku Chembe, mudzi wa asodzi umene alendo amaudziwa kuti Cape Maclear, malo ogona andanda m'mbali mwa nyanja, kupanikizana ndi nyumba za anthu, mabwato ndi matandala oyanikapo usipa. Eni malowa sanama ayi. Amakuuza zoona zokhazokha, koma theka. Theka linalo umakalipeza wekha usiku, utalipira kale.

Chipinda choyang'ana kunyanja

Bambo wina wa ku Lilongwe anawonjezera ndalama kuti apatsidwe chipinda choyang'ana kunyanja. Atatsegula zenera anangoona thandala la usipa kutalika kwake, ntchentche zili pa msonkhano.

"Achimwene, nanga nyanja ija ili kuti?"

"Ili kuseri kwa thandalalo, bwana."

"Ndiye ndiiona bwanji?"

"Kuiona n'kovutirapo, koma usipawu watuluka m'menemo m'mawa womwe uno. Kokani mpweya, muimva."

Madzi otentha

Mayi wina anafunsa pa foni ngati kubafa kumatuluka madzi otentha. Anamutsimikizira kuti alipo ambirimbiri. M'mamawa wa mwezi wa June anatsegula mpopi, ndipo anakuwa mpaka nkhuku za mudzi wonse zinayankha.

"Munati pali madzi otentha!"

"Alipo, mayi. Thanki ili padenga. Dzuwa likagwira ntchito yake, kuyambira 11 koloko mpaka 3 koloko masana, ngakhale dzira mutha kuphika. Inuyo mwangofulumira."

Neti

Oyamba kusankha molakwa pogona kuno anali amishoni a Livingstonia ochokera ku Scotland. Anafika mu 1875, Dr Robert Laws ali m'gululo, nakopeka ndi gombe labata lokochezapo sitima yawo. Za udzudzu sanafunse. Malungo atawatha anzawo, mu 1881 anasamukira ku Bandawe, ndipo mu 1894 anakwera phiri kukakhala ku Khondowe. Manda a ena mwa iwo alipobe ku Cape Maclear.

Tsono mnyamata wina wa pakoleji anapeza zipinda ziwiri, china cha neti, china chopanda neti koma chotsika mtengo. Anayamba kunenerera kuti iye magazi ake ndi owawa, udzudzu sumuyandikira. Mlonda wachikulire anamugwira dzanja.

"Mwana wanga, tiye ndikakuonetse pamene anagona azungu amene analibe neti."

"Ndi loji yanji imeneyo, madala?"

"Yabata zedi. Chilowereni sanadandaulepo."

Mnyamatayo analipira cha neti, napemphanso koyilo.

Tauni ya pamadzi

Banja lina linatenga agogo awo aakazi ku Dedza kuti akaone nyanja koyamba. Usiku magetsi anathima, jenereta ya palojipo inatsokomola kawiri n'kugona. Kunja kunalibe mwezi, ndipo usiku wotere ndi umene asodzi a chilimira amaukonda: amapita pakati pa nyanja ndi nyali zowala, usipa umasonkhana pa kuwalako, iwo n'kuuzinga ndi khoka. Agogo atatuluka anaona nyali mbuu, mzere wonse kuchokera uku mpaka uko.

"Iwe, bwera kuno! Ndalama zonse zija walipira kuti tigone mumdima? Taona anzathu a tauni iyo, magetsi ali ngwee! Mawa tikagone kumeneko."

Mdzukulu anayesa kufotokoza, agogo osamva. Kutacha anayang'ananso, napeza madzi okhaokha. Anakhala chete kanthawi, kenako anati: "Longedzani katundu. Dziko limene tauni imasamuka usiku ine sindigonamo kawiri."

Kumalo abata

Pakati pa mudzi pali mabala, ndipo Loweruka zoimbira zake zimagwedeza ndi bedi lomwe. Mwamuna wina ndi mkazi wake anathawira chakumapeto, kufupi ndi Otter Point, m'malire mwa Lake Malawi National Park. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba za mbuna, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Chimene awiriwa anaiwala n'chakuti lamulo loteteza mbuna limatetezanso anyani.

M'mawa anawaikira buledi, mazira ndi nthochi pakhonde. Mwamuna analowa kukatenga foni kuti ajambule. Potuluka, mbale zili mbee.

"Achimwene! Dzulo munanena kuti kadzutsa ali mu mtengo womwewo!"

Woperekera zakudya analoza m'mwamba, mmene nyani wamkulu ankasenda nthochi mosapupuluma.

"Sindinaname, bwana. Suyo ali mumtengo?"

Pafupi ndi madzi

Mu 2024 nyanja inakwera kuposa mmene anthu ambiri anaionerapo, ndipo malo ogona angapo m'boma la Mangochi madzi anawalowera mpaka m'zipinda. Munthu wina wa ku Blantyre, wosatsata nkhani, anaimba foni.

"Ine ndimafuna pafupi ndi madzi. Kuchoka pachipinda kukafika kunyanja ndi mphindi zingati?"

"Chaka chino musavutike n'kuyenda, bwana. Mukangotsitsa mwendo pabedi, mwafika."

"Nanga galimoto ndiimika pati?"

"Imeneyo muisiye kumsewu. Pageti tikakutengani pa bwato."

Kudikira Ilala

Amene akufuna kukwera Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, amagona ku Monkey Bay, pakuti imanyamuka pamenepo Lachisanu kulowera kumpoto. Wamalonda wina wopita ku Likoma anasankha resiti yoyandikana ndi doko, nauza mlonda kuti amudzutse m'mawa. Usiku anacheza nawo pang'ono mabotolo. Chimene chinamudzutsa ndi hutala ya sitima, ndipo pothamangira kugombe anangoona utsi.

"Bwanji simunandidzutse?"

"Ndinabwera, bwana, koma munagona bwino kwambiri. Ndinamva chisoni."

"Ndiye nditani ine tsopano?"

"Musadandaule, inyamukanso Lachisanu likubwerali. Wokhala sabata yonse timamuchotserako pang'ono."

Madzulo ake anamva kuti mlondayo ndi mlamu wake wa mwini resiti.

Kwa amalume

Wochenjera kuposa onse anali kalaliki wina wa ku Zomba. Ataona mitengo ya malojiwo anaseka: "Ndilipirenji pogona pamene amalume anga ali ndi nyumba ku Chembe konkuno?" Anamulandira ndi manja awiri, nsima ya kampango, mphasa yatsopano.

Tsiku loyamba shuga anatha. Lachiwiri kunapezeka kuti mwana wa Fomu 2 wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Lachitatu khoka linang'ambika, ndipo aliyense m'nyumbamo ankayang'ana mlendo mwaulemu. Lachinayi kunabwera azakhali amene iye sanawamvepo chibadwire, atanyamula chikalata cha kuchipatala.

Pokwera kabaza wobwerera ku Monkey Bay anawerengera m'mutu, napeza kuti ndalama zimene wasiya zikanamugoneka pa loji ya azungu, ya dziwe losambiramo, sabata ziwiri. Amalume anamugwira paphewa, misozi ili m'maso.

"Mphwanga, wachita bwino osataya ndalama kumalojiko, amaba anthu amene aja. Pa Khirisimasi ubwerenso, ndipo ukhalitse. Bwato lija likufunika injini."