Momwe Mungakopere Mainvesita Osatuluka Thukuta

Akatswiri a zachuma amati munthu asanamange fakitale m'dziko la eni amafunsa mafunso anayi. Magetsi alipo? Katundu wanga ayenda bwanji? Lamulo la lero lidzakhalapo mawa? Nanga phindu langa ndidzalitulutsa m'madola? Mayankho ake ndi odula, akuluakulu, choncho nazi njira zachidule.

Choyamba, itanitsani msonkhano. Ukhale wa ku BICC ku Lilongwe, kapena kunyanja ku Mangochi kumene alawansi imakoma. Alendo avinireni pabwalo la ndege, kenako sainiranani nawo mapangano pamaso pa atolankhani. Pepalalo silimanga munthu, ndiye chaka chamawa mutha kusaina lomwelo ndi mlendo wina.

Chachiwiri, za magetsi musavutike nazo. Ambiri mwa magetsi athu amachokera mumtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atagumula Kapichira mu Januwale 2022 tidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo chaka chidatha makina ali chete. Mlendo akafunsa zimenezi, muuzeni agule jenereta. Akafunsa za dizilo, mulozereni mzere wa mafuta, atenge chigubu akagone komweko. Pofika mbandakucha adzakhala atadziwana ndi akabaza, amaminibasi ndi mavenda, anthu omwe adzamugule katundu. Kufufuza msika n'komweko.

Chachitatu, ndalama zakunja. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene adasunga phindu lake m'makwacha adagona wolemera, n'kudzuka gawo lina litasungunuka. Akapita kubanki kukafuna madola otumiza kwawo kapena ogulira zipangizo, amulembe pamndandanda wa odikira. Palibe njira ina yosungira invesita yoposa imeneyi: ndalama zake zikakanika kutuluka, mwiniwakenso sachoka.

Chachinayi, mapepala. Bungwe la MITC, loona za mainvesita ndi malonda, lili ndi ofesi yoti invesita azithandizidwa pakhomo limodzi. Nzeru yabwino. Inu ingoonetsetsani kuti akatuluka pakhomo limenelo apeze makomo ena akumudikira: la malo, la madzi, la chilolezo chogwirira ntchito. Bwana apita kumaliro. Netiweki yavuta. Bwerani Lolemba. Fayilo ikasowa musachite mantha, ya fanta imaipeza. Mlandu wake ukafika kukhoti uziimitsidwa mpaka wodandaulayo amere imvi, aphunzire kudekha kwathu.

Chachisanu, mukaona kuti wafooka, mukhululukireni msonkho. Kampani ya Paladin itatsegula mgodi wa yureniyamu ku Kayelekera ku Karonga mu 2009, gawo lomwe boma limatapa pa miyala yogulitsidwa lidali litatsitsidwa kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 1.5 m'zaka zoyambirira. Mtengo wa yureniyamu utagwa, mgodi udaima mu 2014. Phunziro lake musalimvetse, lingakusokonezeni. Amigodi amabwera ngakhale kuli mdima, chifukwa mwala susamuka: yureniyamu ali ku Kayelekera, rutile ali ku Kasiya, ndipo woufuna ayenera kufika pomwepo. Amene sangapite kwina ndi amene muzimunyengerera ndi mphatso.

Wa fakitale ya nsapato, ya zovala kapena yoyenga mafuta ophikira, amene angalembe ntchito achinyamata athu ongokhala pa tauni, ali ndi kosankha. Amayerekeza njanji ya ku Nacala ndi msewu wa ku Beira, n'kuwerenga masiku omwe kontena imathera panjira. Ameneyu musalimbane naye, ndi wovuta mtima. Akakasankha ku Tanzania, kumene kuli doko la Dar es Salaam, musadandaule kuti mwamutaya. Nsapato zakezo zidzalowa ndithu pa chipata cha Songwe, ndipo tidzazigula ndi madola omwe tilibe.