Malemu Adadzuka, Koma Nambala Sadatchule

Sabata ino anthu mu Blantyre aiwalako za mtengo wa shuga. Nkhani ili m'kamwam'kamwa ndi ya sing'anga wodzutsa akufa. Mu minibasi ya ku Limbe akuuzani kuti zachitika ku Bangwe, a ku Bangwe akuloza ku Ndirande, pomwe a ku Ndirande akulumbira kuti ndi ku Chilomoni, ati mlamu wa mnzawo adaona ndi maso.

Akuti mayi wina wamasiye adapita kwa ng'angayo ndi pempho limodzi. Amuna awo adamwalira mwadzidzidzi osanena nambala yachinsinsi ya Mpamba, chonsecho m'fonimo mudali ndalama za banki m'khonde. Ng'anga idalowa kumanda pakati pa usiku n'kuitana malemu. Adabweradi, koma m'malo motchula manambalawo adaigwira mwendo: "Chonde achimwene, musawapatse. Akatsegula aona komwe ndinkatumiza ndalama mwezi ndi mwezi." Kumeneko ndi ku Machinjiri, kwa mayi wina wa ana awiri ofanana ndi malemu mphuno ndi makutu omwe.

Ng'anga yangoti kakasi. Ndalama za namfedwa idalandira kale, nkhuku yakuda idadya. Koma malemuwo akudziwa pomwe iyo imagona.

Chondiseketsa ine n'chakuti palibe amene akufunsa ngati wakufa angadzukedi. Mkangano wonse uli pa zoti ng'angayo ichite. Amayi a pa kiyosiki ya madzi adagamula kalekale: inene zonse, ndipo ngati n'kotheka iwadzutsenso bambowo masana, adzayankhe okha pamaso pa ankhoswe. Abambo a pa bawo akuti ayi, wakufa saimbidwa mlandu. Amene adalimbikira kwambiri mfundoyi ndidaona akusuntha foni kuchoka m'thumba la shati kupita la thalauza, nkhomo zili m'manja, mpaka adaiwala pomwe amathera.

Mkulu wa mpingo wina adatitsegulira 1 Samueli 28. Mfumu Sauli adathamangitsa obwebweta onse m'dziko, kenako yekha n'kudzizimbaitsa kupita usiku kwa mayi wa ku Endori kuti amuutsire Samueli. Mayiyo adaopa kuti ndi msampha, komabe adachita. Uthenga udali woti mawa lake Sauli ndi ana ake afa. Mkuluyo ankafuna timve kuti kufunsira kwa akufa n'tchimo, koma gulu lidatola zina: mayiyo adamuphera kasitomala wake mwana wa ng'ombe wonenepa. "Ng'anga zakale zimenezo," adatero wakabaza wina. "Zamasiku ano nkhuku zimadya zokha."

Kondakitala naye adakumbutsa za m'busa wa ku Johannesburg uja amene mu February 2019 adadzutsa munthu m'bokosi pamaso pa makamera, wodzukayo kukamwa kuli yasa, kenako n'kumakwapula chakudya ngati wachokera kumunda. Eni kampani za maliro adakana kuti mtembowo sadausunge iwo. Kondakitalayo adati uja bola, sadaulule za munthu.

Mnyamata wina wophunzira zamalamulo adayesa kuziziritsa nkhani. Adati lamulo la za ufiti la 1911 limalanga wonena mnzake kuti ndi mfiti komanso wodzitcha kuti ali ndi mphamvu zoterozo, choncho ng'angayo ikangotsegula pakamwa yadzipereka yokha kupolisi. Wometa tsitsi adawonjeza kuti mayiyo akadangotenga kalata ya imfa kupita nayo ku ofesi ya kampani ya foni. Onse awiri adawayang'ana ngati athira mchenga mu ndiwo.

Aneba anga, bambo aulemu wawo, adamvetsera zonsezi osayankha kanthu. Madzulo ndidawapeza kuseri kwa bafa, magalasi ali pamphuno, akufufuta mauthenga m'foni umodziumodzi. Atandiona adati akusaka netiweki.