Khwangwala wa pa Kachulu

Padangotero. Tili tonse.

Pa doko la Kachulu, m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, padali mlambe waukulu, ndipo pamlambepo pankakhala Khwangwala. Mkuluyu sankalima kapena kuwedza. Ntchito yake idali yolengeza nkhani, kolala ili mbee ngati ya abusa. Mitengo yake idali yodziwika: nkhani yozizira njere ziwiri za chimanga, yotentha chikho chodzaza. Sipadapite nthawi, Khwangwala adazindikira kuti nkhani zozizira sizidzaza nkhokwe.

Tambala akangolira, iye ali kale panthambi. "Tcherani khutu! Nyanja iuma chaka chino! Dzombe lanyamuka kale! Napolo wagwedeza mchira ku Michesi! Zotsalazo madzulo, musaiwale chikho!"

Nyama zidasowa tulo. Nkhanga idaonda mpaka mawanga kuthithikana. Gwape adapachika khasu, amvekere, "Ndilimirenji dziko likutha?" Ngakhale Kalulu, yemwe timamutama nzeru uja, ankafika pamlambe kawiri pa tsiku, makutu ali njo.

Kamba yekha ndiye ankangodutsa, khasu paphewa.

"Agogo, kodi simudamve?" idafunsa Nkhanga.

"Ndamva, mdzukulu wanga. Nyanjayi ndidaiona itauma mu 1968, anthu n'kumayenda pansi mpaka ku chilumba cha Chisi. Idaumanso mu 1995. Njala tidaiona, sindikunamiza. Koma adabweza madziwo ndani? Adasunga mlamba m'matope ndani? Matemba ukuwaona pathandalawa adabwerera ndi chilolezo cha Khwangwala? Ine m'mawa ndimayamba ndalankhula ndi Chauta, kenako ndi khasu langa. Ikatsala nthawi ndiye ndimamvera nkhani."

Khwangwala adamva, mtima udamuwawa. "Agogo, musasocheretse ana. Kwathu timati khwangwala wamantha adafa ndi ukalamba."

"Zoona, achimwene," adatero Kamba osaima. "Koma manthawo adali akeake. Sankagulitsa pachikho."

Mvula idagwa kumapeto kwa Novembala, yabwino ndithu. Kamba adabzala tsiku lomwelo. Enawo adabzala mochedwa, ena osabzala n'komwe, poti kupalira kunkawombana ndi nkhani za m'mawa, kubandira kunkawombana ndi za madzulo. Kachimanga kochepa komwe kadachita mwayi n'kukhwima, Anyani adakolola masana dzuwa likuswa mtengo, eni minda ali khamukhamu pansi pa mlambe kumvera za mbava zochokera kutali. Amene adaona Anyaniwo akutula dengu pachisa cha Khwangwala usiku ndi Kadzidzi, koma Kadzidzi akalankhula amati ndi malodza.

Tisaname, Kamba sadali gonthi. Usiku wina Chule adamunong'oneza, mwaulere, kuti madzi a mtsinje wa Likangala akukwera. Kamba adadzutsa ana ake nasamutsira mbewu pachulu. Tsiku limenelo Khwangwala adali kalikiliki kulengeza kuti dzuwa ligwa Lachisanu, moti madzi adalowa m'mauna a omvera ake iye asadawatchule.

Chaka chotsatira, mwezi wa Febuluwale, njala italuma, nyama zonse zidandanda pakhomo pa Kamba kufuna ganyu. Nkhalambayo sidanyoze aliyense. Idapatsa uyu mizere yopalira, uyo nkhuni zowaza, madzulo aliyense n'kubwerera ndi kambale ka madeya. Asadamwazikane idawapempha agwade athokoze Namalenga, ndipo adagwadadi, Gwape mpaka misozi.

Akutuluka pachipata adamva mapiko kuti phaphapha. Khwangwala, wonenepa mpaka kolala kumuthina, adatera pamwamba pa nkhokwe ya Kamba.

"Tcherani khutu! Zaululika! Mudadzifunsapo kuti nkhalamba yoyenda pang'onopang'ono chonchi idakolola bwanji yokha? Kamba ndi wokhwima! Chimanga chili m'nkhokwemu ndi chanu, adachita kukawa m'minda mwanu usiku! Umboni wonse madzulo ano pamlambe!"

Nkhanga idayang'ana madeya ake, idayang'ana anapiye ake ali yasa kukamwa, kenako idatembenukira kwa Kalulu.

"Achimwene, mungandibwerekeko chikho?"

Idathera pompo.