Ku La Scala nkhonya zimachokera kudenga

Makolo anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ponena izi ankaganiza za amfumu, za ankhoswe, za mwana wachisamba amene mavuto onse a pamtundu amathera pakhomo pake. Sankadziwa kuti ku Milan, m'dziko la Italy, kuli nyumba imene anthu amagula tikiti, n'kutchena suti, n'kukhala duu maola atatu, kudikirira kuti mutu waukulu upendekeke pang'ono chabe aukhome.

Nyumbayo ndi La Scala, yomwe inatsegulidwa mu 1778, ndipo ntchito yake ndi opera, sewero lomwe aliyense amalankhula moyimba. Wofunsira mbeta amayimba, woopseza mnzake amayimba, ngakhale wobayidwa ndi mpeni amayamba wayimba kaye mphindi zingapo asanagwe, abale ake ali chilili, popanda woganiza zothamangira naye kuchipatala. Zokuzira mawu kulibe. Munthu mmodzi, ndi chifuwa chake chokha, ayenera kuposa chigulu cha oyimba zida amene amakhala m'dzenje kutsogolo kwa siteji, mawu ake n'kukafika kumpando womaliza m'holo ya anthu pafupifupi 2,000.

Kumpando womalizako ndiye kuli ng'ona. Opeza bwino amakhala pansi ndi m'tizipinda tofiira ta m'mbali, topakidwa golide. Pa 7 December, tsiku lotsegulira masewero a chaka, mumadzaza nduna ndi mabwana, ena mwa iwo atabwera kudzaonetsa madiresi basi. Koma pamwamba penipeni, pafupi ndi denga, pali loggione, malo a matikiti otchipa, pomwe mipando ina imafuna uchite kudzuka ndi kusuzumira kuti uone siteji. Okhala kumeneko amatchedwa loggionisti. Nyimbo iliyonse amaidziwa pamtima, mpaka malo amene woyimba amayenera kukokera mpweya. Ukayimba bwino amakuwa "bravo" mpaka kusasa mawu. Ukaphonya, "buuu" amatsika kuchokera kudenga ngati matalala m'munda wa fodya.

Ndipo mutu ukakhala waukulu ndi pomwe manja amawayabwa. Mu December 1992 Luciano Pavarotti, yemwe ngakhale okonda mpira anali atamudziwa pa World Cup ya 1990, anatsegulira chaka ndi Don Carlo ya Verdi. Pamalo pena mawu anamuthyokera pakhosi. Akudenga sanafunse kuti mkuluyu wagulitsa malekodi angati, anangomupatsa zake. Renée Fleming anazilawa mu 1998, Cecilia Bartoli mu 2012.

Olemba nyimbo nawonso sapulumuka. Pa 17 February 1904 Giacomo Puccini, atatchuka kale ndi La bohème ndi Tosca, anabweretsa sewero latsopano, Madama Butterfly. Penapake anakonza kuti kumveke kulira kwa mbalame, kusonyeza kuti kukucha. Anthu anati ifenso ziweto tili nazo: wina kulira ngati tambala, wina kuuwa, wina kulira ngati ng'ombe, holo yonse n'kusanduka khola. Puccini anachotsa sewerolo usiku umodzi wokha litaonetsedwa, n'kubweza ndalama zomwe analandira. Anapita kukathowa zotupa, n'kudula gawo lachiwiri lomwe linatalika mosowetsa mtendere, kulisandutsa magawo awiri. Pa 28 May chaka chomwecho analionetsanso ku Brescia, anthu n'kuwomba m'manja osafuna kuleka. Mpaka lero anthu akuliwonerabe padziko lonse, amayi ndi abambo akupukuta misozi mumdima.

Anthu akudengawa ndimawapatsako ulemu, ngakhale nkhanza ali nazo, ndipo kale ena ankachita kulipidwa kuti awombe m'manja kapena akuwize. Koma munthu amene wakwera masitepe onse aja, walipira ndalama yake, wamvetsera mpaka pomwe palakwika, ali ndi kaufulu kodandaula. Amasiyana ndi alangizi a pa Facebook, amene amagamula mlandu wa nyimbo asanaitsegule n'komwe.

Nanga wofuna kulewa zimamuthera bwanji? Funsani Roberto Alagna. Pa 10 December 2006 ankasewera ngati Radamès, mkulu wa asilikali a ku Egypt wakale, mu Aida ya Verdi. Nyimbo yovuta kwambiri ya Radamès imabwera koyambirira, mmero usanatenthe. Atangoimaliza, "buuu" anamveka kudenga. Alagna anakweza dzanja kuloza komweko, n'kutembenuka, ulendo, sewero lili mkati. Mayi amene ankayenera kuyimba naye anatsala yekha pasiteji, zida zikulirabe, poti wotsogolera oyimba, Riccardo Chailly, sanaimitse ndodo yake. Kuseri anagwira Antonello Palombi, woyimba wapadera amene ankangodikirira za mwadzidzidzi, n'kumukankhira kutsogolo momwe analili. Anthu anangoona mkulu wa asilikali a Farao akutulukira atavala jinzi ndi shati yakuda, pakati pa zipilala zagolide zomwe Franco Zeffirelli anakonza, n'kupitiriza nyimbo pomwe mnzake anaisiyira. Pomaliza anamuwombera m'manja. Wake mutu unali usanakule.

Alagna mtima utatsika ananena kuti ndi wokonzeka kubwerera. Akuluakulu a La Scala anati pepani bambo, munachoka nokha, khomo ndi lomwe munatulukira lija. Patapita masiku ochepa anafikabe, n'kuima panja, atolankhani atamuzungulira, n'kuyimbira nyumbayo kanyimbo kotsanzika. Kanyimboko anakatenga mu Madama Butterfly.