Mphamvu zanga zotsala ndikuzisunga

Bwana athu abwera ndi uthenga watsopano kuchokera ku wekishopu ya kunyanja. Akuti munthu ukamva kuti watopa, umakhala utangogwiritsa ntchito magawo 40 pa 100 alionse a mphamvu zako. Nzeruzi akuti ndi za David Goggins, msilikali wakale wa ku America. Magawo 60 enawo angokhala m'thupimu ngati mlamu wobwera kudzacheza amene sakutchula tsiku lobwerera. Ponena zimenezi maso awo anali pa ine. Zoona ndinali nditatsinzina, koma ndinkasinkhasinkha.

Anatiuza za Roger Bannister amene mu 1954 ku Oxford anathamanga mtunda wa mailosi imodzi m'mphindi zosakwana zinayi, ndipo patangotha masiku 46 John Landy wa ku Australia anamuposa. Anatchulanso Eliud Kipchoge wa ku Kenya, uja anamaliza makilomita 42 m'maola osakwana awiri ku Vienna mu 2019. Ndinakweza dzanja mwaulemu. “Pepani bwana, a Kipchogewo pajatu anali ndi anzawo 41 owatchingira mphepo mosinthana, galimoto ili kutsogolo kuwaonetsa njira. Nanga ine wonditchingira mphepo ndani?” Anati funso langalo tidzalione tsiku lina.

Komatu bwana sananame kwenikweni. Mphamvuzo zilipo, ndinaziona ndekha. Ikamakwana 3 koloko masana msana wanga umakhala utafa, ngakhale fayilo imandilemera. Koma mesenjala angonong'ona kuti, “Akulu, alawansi ija akusainitsa m'mwamba, koma akuti sikwanira onse,” masitepe ndimawalumpha atatuatatu, kupitirira anyamata oti ndikhoza kuwabereka. Tsiku lina wakatapila ataima pageti ndi kabuku kake, ndinakwera mpanda wakuseri nditavala jekete ndi tayi, osang'amba ngakhale thalauza. Alonda mpaka lero amandipatsa sawasha.

Pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town amati ubongo ndiwo umamanga mabuleki msanga pofuna kuteteza thupi, minofu isanatheretu. Ndiye kuti ubongo wangawu umandikonda kwambiri, chifukwa mabuleki ake umamanga tikangomwa tiyi wa 10 koloko.

Pali munthu mmodzi amene bwana sanamutchule, ndipo ndikuganiza kuti anachita dala. Mu 1935, mu ulamuliro wa Stalin, Aleksei Stakhanov anakumba matani 102 a malasha pa shifiti imodzi m'migodi ya ku Donbas, kuchulukitsa ka 14 mlingo umene munthu ankayenera kukumba. Iye anam'patsa nyumba, nkhope yake n'kutuluka m'nyuzipepala. Anzake anapatsidwa chiyani? Mlingo watsopano, wokwera. Ndipo kumbuyo kwake kunali anthu omuchirikizira denga la mgodi ndi mitengo, iye akungokumba. Amenewo sanawajambule.

Ine zoterezi ndinazilawa. Ndinachezera usiku wonse ndi lipoti lina, magetsi atazima, tochi ya foni ndili nayo kukamwa, chifukwa panamveka mphekesera yoti achotsa anthu. M'mawa bwana anandigwira chanza ndi manja awiri. Chiyambire pomwepo lipoti lililonse lovuta limatera patebulo panga, ati, “Apatseni akuluwa, amatha usiku umodzi.” Malipiro ali pomwe anali. Mnzanga wa tebulo loyandikana, amene sanaonetsepo ngakhale magawo 20, akunenepa bwinobwino ndipo amaweruka nthawi yake.

Choncho magawo anga 60 ndawatsekera. Ndimatapako pang'ono pakabwera wangongole kapena minibasi yomaliza ikamanyamuka.

Nkhaniyi ndinaifotokozanso kunyumba tikudya nsima, monyadira ndithu, kuti adziwe kuti anakwatiwa ndi munthu wa mphamvu zobisika. Mayi a kunyumba anamvetsera mpaka kumapeto, osandidula. Loweruka tambala asanalire kachiwiri ndinamva akundigwedeza phazi, khasu lili m'manja.

“Bambo a ana, dzukani. Kuntchito mwagwiritsa 40. Otsalawo mizere ikuwadikira kumunda.”